Malegeni pa Njanji ya ku Nigel

Clara anafika kupolisi ndi mwana kumsana, buledi m'manja, patapata mmodzi ataduka chingwe. Amuna ake, a Masautso, anali m'chitokosi chitsekeredwe Lamulungu, ndipo palibe amene anamuuza zogwira mtima. Anzawo a ntchito yaulonda ankangoti sitima yaberedwa. Koma munthu amaba bwanji sitima?

Sajeni Nkabinde anali bambo wonenepa, wa maso ofiira ndi tulo. Anamulozera mpando. Chizulu cha Clara chinali cha pamsika, koma ankamva.

"Khala apo, sisi. Ndikuuza kamodzi, ndili ndi ntchito yambiri. Lamulungu masana sitima ya katundu imachoka ku Springs kupita ku Nigel. Ikufika kuseri kwa KwaThema, loboti ya njanji yayaka yofiira. Dalaivala waima. Lamulo lawo limati akaima pa loboti yofiira, atsike, akaimbe foni ya m'kabokosi ka pamlongoti, afunse chavuta n'chiyani. Watsika. Wina wamumenya ndi chitsulo kunkhongo. Atsegula bogi imodzi, atuta mabelo a mabulangeti. Mlonda wa kanyumba ka magetsi ka pamenepo ndi ndani? Mwamuna wako. Akuti sanaone kanthu. Dzuwa lili pamutu, sisi, sanaone kanthu!"

"Iwowo sangamenye munthu, bwana. Nkhuku yomwe ndimawaphera ndine."

"Sindinati anamenya. Ndikuti akudziwa."

Anatsegula kabati natulutsa pepala la pulasitiki. Munali waya wamkuwa wopindika, ndi timizere ta mphira yakuda todulidwa ku chubu.

"Waya uyu anamuyala pa njanji, n'kumumanga ndi izi. Anyamata a kuno akafuna kuimitsa sitima amabwera ndi zingwe za batire ya galimoto, zopanira zija. Zomanga ndi mphira ine ndimaziona kwa anthu a kwanu okha, pa katundu wanu. Mumati chiyani?"

"Malegeni," anatero Clara.

Anaweramira pafupi. Pa legeni limodzi panali chigamba chofiira, chodulidwa pakati ndi lumo. Chigamba chimenecho anamata yekha.

"Ukuzidziwa?"

"Mmalawi aliyense ali nawo, bwana."

Sajeni anamuyang'ana kanthawi, kenaka anabweza pepala lija m'kabati.

"Lachisanu akaonekera kukhoti. Dalaivala uja sanatsitsimukebe. Akafa, uwu sukhalanso mlandu wa mabulangeti."

*

Anamulola kuwaona pazenera la waya. A Masautso anali atavalabe malaya a ntchito, ndevu zitamera, nsapato zopanda zingwe.

"Deborah chifuwa chija chikupita bwanji?"

"Musandifunse za chifuwa. Abambo ake Deborah, malegeni ali kwa Sajeni aja ndi a m'nyumba mwathu."

A Masautso anayang'ana pansi.

"Munawatenga ndinu?"

"Ayi."

"Ndiye anafika bwanji pa njanji? Ali ndi miyendo?"

"Zisiyeni, amake Deborah. Ine ndinali pantchito, sindinaone munthu. Ndanena choncho, ndipo ndidzanena choncho."

"Akuti munthu uja akhoza kufa. Mukumva? Mukafera m'ndende ya eniake, ine nditsale ndi mwana m'mkhukhu wa malata wa lendi?"

Clara anakankhira buledi pansi pa waya.

"Achimwene akuti akukufunirani loya."

Apo a Masautso anadzutsa mutu.

"Alamu anena choncho?"

"Dzulo lomweli."

A Masautso anaseka kuseka kopanda mawu, mapewa okha kugwedezeka. Kenaka anapukuta kumaso ndi dzanja.

"Muwathokoze. Koma musawavutitse ndi nkhaniyi. Ali ndi zambiri."

Wapolisi wa pakhomo anagogoda tebulo ndi makiyi. Nthawi yatha.

*

Kunyumba Clara sanatsitse n'komwe mwana. Anatembenuza chitseko n'kuyang'ana kuseri. Msomali unali pomwepo, wopanda kanthu.

Malegeni aja anachokera ku chubu cha wilibala yake yotungira madzi. Chubucho chinaboka kambirimbiri, mpaka zigamba zogula zinamutopetsa. Adona a ku Edenvale, kumene ankachapa Lachiwiri ndi Loweruka, anataya botolo lamphira lofiira lija amathiramo madzi otentha pogona. Clara analitola m'bini n'kumadulako zigamba. Chubu chitatheratu anachilenga malegeni, monga amachitira aliyense kwawo ku Zalewa, n'kuwakoleka pamsomali. Mphira sataya.

Ndiye anatenga ndani? M'nyumba yawo munkalowa anthu ambiri: amayi a kutchalitchi, anzawo a aMasautso, alendo ongofika kumene ku Joni ofuna pogona. Koma mtima wake unkangobwerera kwa amuna ake. Ngati anatenga okha? Ngati zaka zonsezi wakhala akuphikira munthu amene sakumudziwa?

Kukhala pansi kunamukanika. Analumikiza patapata ndi pini, namangitsa chitenje, n'kulunjika kunjanji.

*

Kanyumba ka magetsi kanali patchire la udzu wouma, kuseri kwake mulu wachikasu wa mgodi wakale. Kutali pang'ono anthu a mayunifomu alalanje ankafosholera miyala. Pakati pawo panali Che Haruna, mkulu wa ku Machinga amene anabwera nthawi ya migodi osabwereranso. Amalawi onse a mbali imeneyo ankawadziwa.

"Mama! Mwana wa Masautso ameneyo? Wakula! Pepani ndi zovutazi. Ine ndinawauza akapitawo, hayikhona, Masautso si sikelemu, si wakuba. Koma wamva ndani?"

"Che Haruna, ndiuzeni chinthu chimodzi. Waya wachabechabe angaimitse bwanji sitima?"

"Aa, bwerani muone. Musaponde pamwamba, dzerani apa."

Anagwada pambali pa njanji n'kugogoda chitsulo ndi chala.

"M'zitsulo ziwirizi mumayenda magetsi pang'ono, osapha ngakhale mbewa. Amachoka uko, kudzera chitsulo ichi, kukalowa m'kanyumba kaja, n'kubwerera ndi chitsulo icho. Akamafika bwinobwino, kanyumba kamadziwa kuti njanji ilibe kanthu, loboti imayaka yobiriwira. Tsopano sitima ikaponda, mateyala ake ndi chitsulo, olumikizana uku ndi uku. Magetsi amadulira pomwepo, safikanso kukanyumba. Kanyumba kamati, ehe, muli sitima umu, loboti ya kumbuyo ifiire, ina isadzagunde. Mwamva?"

"Ndiye waya uja ananamiza kanyumba kuti muli sitima."

"Yazi wena! Ndi choncho. Anazikonza dala kuti chilichonse chikalakwika, loboti ifiire. Waya waduka, yofiira. Magetsi azima, yofiira. Sitima ikhoza kuchedwa, koma anthu asafe. Nanga akuba anaona kuti chotetezera anthu chomwecho ndi msampha wabwino."

"Kukanyumba sanalowe?"

"Loko ali bwinobwino. Sanafune kanyumba. Anangofuna kuti mlonda asaone."

Clara anasuntha mwana kumsana.

"Waya uja anamupeza ndani?"

"Ine ndemwe, Lolemba m'mawa, ndi mzungu wa maloboti. Apa. Mukuona pomwe pakuwala? Anakwecha dzimbiri kuti waya agwire. Anafukula miyala pansi kuti mphira izungulire chitsulo. Munthu wodekha ameneyo, mama. Ndipo chinandiseketsa n'chakuti sanamange mfundo."

"Mwati bwanji?"

"Mfundo panalibe. Anakoka mphira, kukulunga, kukulunga, nsonga n'kuipisa pansi pa inzake, kusiya kamchira. Mzungu anatulutsa mpeni, ine ndinati dikirani. Ndinangokoka kamchira, yonse fwaa, yamasuka. Mbali inayo chimodzimodzi. Ankafuna adzachotse pothawa, koma akuti kunatulukira sitima ya anthu kumbuyoku, ikuliza hutala pa loboti yake. Anathawa osachotsa."

Clara sanamvenso zotsatira. A Masautso anakulira kumudzi kwa abusa a ziweto, kumanga kwawo kunali kwa mfundo pamwamba pa mfundo, zoti pomasula mpaka mano. Kumanga kopanda mfundo ankakudziwa bwino. Ndi mmene amamangira anthu a makala pa njinga, kuti akaona a zankhalango pamsewu wa ku Blantyre agwetse matumba ndi kukoka kumodzi. Iye mwini anasiya sukulu ali Sitandade 6 n'kumagwirira njinga, wina akumanga choncho.

"Mama, mwatani? Khalani pamthunzi."

"Lamulungu kuno kumakhala ndani, kupatula mlonda?"

"Funsani Safia. Tebulo lake silidziwa Lamulungu."

*

Safia ankagulitsa mandasi, ndudu ndi zakumwa pakanjira kodutsira njanji, pomwe anthu a m'mikhukhu ankadulira popita kumafakitale. Anali mayi wamfupi wa mpango wobiriwira, wolankhula ngati akukangana ngakhale akupereka moni.

"Apolisi anabwera, ndinawauza sindinaone. Ine pepala langa lokhalira m'dziko muno linatha chaka chatha, ndizikaima kukhoti ndi chiyani? Iwenso usanditchule, wamva?"

"Sindikutchulani, asisi. Ndingofuna ndidziwe ngati ndikulirira wakuba."

Safia anatembenuza mandasi m'mafuta, nayang'ana uku ndi uku.

"Mwamuna wako si wakuba. Ndi wopusa basi. Pepa, koma ndi wopusa."

"Nenani."

"Kunabwera munthu wapansi, kuchokera cha kumsewu. Malaya oyera, tayi, jekete, nsapato zopukuta. Patchire pano tayi! Ndinati kapena ndi a Mboni. Nkhope sindinaione, kunali kutali, ndiponso utsi unali m'maso. Anapita kukanyumba. Mwamuna wako anadzuka pampando, n'kuvula chipewa."

"Anavula chipewa?"

"Kuvula, n'kuchipana m'khwapa, n'kupereka moni ndi manja awiri, atawerama chonchi. Mpando n'kuupereka kwa mlendo. Ndinati kapena ndi bwana wa kampani, koma mabwana amabwera pa galimoto. Posakhalitsa ndikuona mwamuna wako uyu akubwera kuno, chothamanga. Akuti Fanta wozizira. Ndinati wozizira watha, ayezi wasungunuka, tenga wofunda. Akuti ayi, mlendo wake sangamwe wofunda. Ndinamuuza, iwe uli pantchito, ukusiya malo chifukwa cha Fanta? Akuti sangabwerere chimanjamanja, n'zamanyazi. Anapitirira mpaka kusipaza, kagolosale ka kuseri kwa mulu uko. Ukudziwa kutalika kwake."

"Ndiye?"

"Ndiye wa tayi uja anavula jekete, n'kutsikira kunjanji, n'kugwada. Ndinati akupemphera. Kenaka sitima, kenaka pikapu yoyera yatulukira m'udzu ndi anyamata. Ine ndinanyamula poto ndi mafuta ake otentha, thawa. Taona dzanja langa."

Clara anayang'ana chilonda chija koma sanachione. A Masautso chipewa cha ntchito sankavulira aliyense. Akapitawo ankawachitira sawatcha. Abusa ankawagwira dzanja chipewa chili kumutu. Munthu amene ankamuvulira chipewa n'kumupatsa mpando mu Joni monse anali mmodzi: amene anaimira Clara ngati nkhoswe pa ukwati wawo, amene anawatumizira ya basi, amene anawapezera ntchito yaulonda imeneyo.

"Wamudziwa," anatero Safia. "Nkhope yakoyo. Usandiuze, sindikufuna kumva. Tenga mandasi awa umupatse mwana."

*

Koma Lamulungu achimwene ake, a Aubrey, anali kutchalitchi. Clara anawaona ndi maso ake m'kalasi ya sukulu imene Amalawi ankapempherera, akutsogolera nyimbo yotsegulira, tayi yabuluu pakhosi. Anawaonanso potseka, akulengeza za maliro a kumudzi. Mapemphero awo ankayamba m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pakati pakepo Deborah anavuta ndi chifuwa, Clara n'kukakhala naye panja kuseri kwa kalasi. Ankayesa kukumbukira mpando wa achimwene, koma sunkabwera.

Clara anapita kunyumba kwa achimwene akewo, n'kupeza akazi awo, a Patience, akukoleza mbaula pakhomo. Utsi wake unali wakuda, wonunkha pulasitiki.

"Alamu! Yesu wanga, mwandidzidzimutsa. Lowani, ayi, tikhale panja pompano, m'nyumba simunasesedwe. Tikupemphera, alamu, usiku ndi usana. Mulungu ndi wabwino, atuluka."

"Achimwene Lamulungu anachokapo nthawi ya ulaliki?"

"Iii, anachoka? Ayi. Kapena pang'ono. Anapita kukatenga buledi wa mgonero, ndi zimenezo. Buledi anaiwalika."

"Mgonero unali sabata yatha, alamu."

A Patience anakupiza moto ndi chivundikiro cha poto, mwamphamvu kuposa mmene moto unkafunira. Clara anasuzumira m'mbaula. Munali mapepala a pulasitiki okhuthala, osungunuka theka, ena akuonekabe chithunzi cha nyalugwe chimene amajambula pa mabulangeti a m'sitolo.

"Ine sindidziwa kanthu, alamu. Ine ndimangouzidwa kuti wotcha izi. Ndili ndi ana atatu. Musandiyang'ane choncho."

"Ali kuti?"

"Kuyadi, akupakira lole. Akuti ulendo uno apita nayo okha kumudzi." A Patience anagwira mkono wa Clara. "Inyamuka lero."

*

Yadi inali kuseri kwa garaja ina ku Springs. Kumeneko Amalawi ankabweretsa katundu wotumiza kwawo: njinga, mawailesi, malata, mipando. A Aubrey ndiwo ankalandira ndi kupakira. Clara anatsika tekisi n'kuwapeza ali pamwamba pa lole, malaya atapinda manja, akukoka tenti. Pansi pa njinga ndi matiresi pankaoneka mabelo okutidwa ndi masaka atsopano.

"Chemwali! Wabwera bwino. Loya uja ndalankhula naye, akuti sabata ya mawa."

"Tsikani, achimwene. Ndili ndi mawu."

Anatsika akumwetulira, akupukuta manja. Anapita naye kuseri kwa lole, kumene anyamata opakira sakanamva. Clara anagwada pa simenti ya mafuta, mwana ali kumsana, monga ankagwadira kwawo polankhula ndi mwinimbumba.

"Achimwene, malegeni a kuseri kwa chitseko changa ali kupolisi."

Kumwetulira kuja kunatsalira pakamwa pokha.

"Malegeni ali paliponse."

"A chigamba chofiira ali kwa ine ndekha. Ndipo kumanga kopisa nsonga munandiphunzitsa ndinu, pa Zalewa, ndikukugwirirani njinga. Munawatuma Fanta, achimwene. Munadziwa kuti sangakukanireni."

A Aubrey anayatsa ndudu.

"Wanena zimenezi kwa ndani?"

"Kwa inu."

"Iyeyo wanditchula?"

"Akukana. Akuti sanaone munthu."

"Waona? Mlamu wanga ndi munthu wolemekezeka, akudziwa malo ake. Tamvera, Clara. Umboni alibe. Amusunga pang'ono, kenaka amukweza sitima ya othamangitsidwa, akamutula kumalire. Ine ndikamulandira kumudzi, ndikamupatsa poyambira. Palibe amene wafa."

"Dalaivala sanadzuke."

"Sindinamumenye ine! Ndi anyamata a pikapu aja, zitsiru, ndinawauza kuti angomugwira. Ine ntchito yanga inali waya basi."

"Ndiye kanenani zimenezo. Ndikupemphani, achimwene, ndagwada. Tipite limodzi. Mukanene za waya, muwatchule a pikapu. Sajeni uja akufuna womenya."

"Ndiwatchule? Ukuwadziwa anthu amenewo? Angandipeze ngakhale m'chitokosi." Anataya ndudu n'kuiponda. "Dzuka apo, anthu akuona. Ukudziwa amene akudyetsa amayi? Amene akulipirira ana a malemu achemwali sukulu? Ndikalowa ine, mudzi wonse walowa. Mwamuna ndi munthu wobwera, Clara. Lero alipo, mawa wakwatira kwina. Ine ndi iwe tinayamwa bere limodzi. Mwana ali kumsanayo ndi wanga, si wa Masautso. Akadzadwala, akadzakwatiwa, adzafuna ine."

"Ndikudziwa."

"Ndiye kwera. Kutsogolo kuli malo. Ukadikire mwamuna wako kwa amayi, m'nyumba ya njerwa, osati m'khola la malata lija. Zovala ndikakugulira panjira."

Clara anakhala chogwada. Anaganiza za amayi ake, mmene adzamvere, ndi mmene azakhali adzalavulire akamadzadutsa. Kwawo mkazi wopereka mlongo wake kwa apolisi chifukwa cha mkamwini sakanakhalanso ndi pokhala pamaliro. A Masautso ankazidziwa zimenezo, n'chifukwa chake anatseka pakamwa. Ankamusungira iyeyo mudzi wake.

Deborah anatsokomola kumsana, chifuwa chouma chija.

"Achimwene, ndafunsa komaliza. Mupita nane?"

"Usandilankhule ngati ndine mnzako. Ndati kwera."

Clara anadzuka. Mawondo a chitenje anali akuda ndi mafuta.

"Ndikatenge mankhwala a mwana," anatero.

"Fulumira. Tikangomanga tenti, tanyamuka."

*

Tekisi inachedwa kudzaza, ndipo Clara anatsika n'kuyamba kuthamanga, dzanja limodzi litagwira mwana kumbuyo. Pini ya patapata inathothoka pa mphambano. Anavula onse awiri n'kuwasiya pomwepo.

Sajeni Nkabinde anali akudya tchipisi papepala. Ataona mapazi a Clara, anasiya.

"Ndikudziwa amene anayala waya."

"Khala pansi, sisi."

"Nthawi yokhala palibe. Koma choyamba mundiuze: ndikanena, amuna anga atuluka?"

"Ngati zimene unene zili zoona, ndipo katundu tampeza, mwamuna wako atsala ndi mlandu wosiya ntchito. Umenewo si wanga, ndi wa kampani yake."

Chitseko cha kuzitokosi chinali chotsegula, wapolisi wina akugawa tiyi. Mawu a Clara ayenera kuti anafika kumeneko, chifukwa kunamveka kugunda kwa zitsulo, kenaka a Masautso akukuwa m'Chichewa.

"Amake Deborah! Musatero! Ndikupemphani, musatero! Mudzapita kuti?"

Sajeni anatembenuka. "Akuti chiyani?"

"Akuti ndifulumire."

Sajeni anakoka pepala ndi cholembera.

"Dzina."

"Aubrey Alufandika."

Cholembera chinayenda, kenaka chinaima. Sajeni anatsegula faelo ya a Masautso, nayang'ana pomwe analemba dzina la mkazi wawo, n'kudzutsa maso.

"Alufandika. Ameneyu ndi ndani wako?"

Kuzitokosi kuja a Masautso anali atasiya kukuwa.

"Ndi achimwene anga. Mimba imodzi." Anakokera chitenje m'mwamba, mwana anali atayamba kutsetsereka. "Lole yabuluu, kuseri kwa garaja ya pafupi ndi renki ya matekisi ya ku Springs. Mabulangeti ali pansi pa njinga. Musadzere msewu waukulu, akukumba. Ndipo musalize sairini, bwana. Amathamanga kwambiri."